Mawu a Amuna Anga Anafufutidwa Kumsika

Ndine mayi wamasiye wa ku Chezi, ku Dowa. Amuna anga asanamwalire anasonkhanitsa mavidiyo onse a banja lathu m'kabokosi kamodzi kosungira mavidiyo, n'kukalumikiza ku TV kuti tizionera pamodzi. M'mafoni anafufutamo.

Mwezi watha alamu anga anatengera kabokosi kaja kumsika kwa bambo wina woika mafilimu, ati ana asangalaleko. Atabwera nako ndinafunafuna vidiyo ya ukwati wathu, koma ndinangopezamo mafilimu a karate.

Nditapita kukafunsa, bamboyo anati, "Mayi, m'kabokosimu munali vairasi, ndiye ndinapukuta zonse. Komatu ndakudzazirani zatsopano."

Omvera anzanga, musamasunge zonse pamalo amodzi. Mwana wanga wamng'ono amandifunsa mmene bambo ake ankayankhulira. Ndimayesetsa kuwatsanzira, koma nanenso mawu awo ndayamba kuwaiwala.