Tsiku limene ndinapima mkaka wanga

Moni abale ndi alongo m'dzina la Yesu. Ine ndine mayi ake a Takondwa, uyo wagona m'manja mwa bambo akeyo.

Ndinabwera kuno ku Perth kudzaphunzira. Mu labu ndimapima mafuta a anamgumi ndi mkaka wa m'mawere wa amayi achiinuiti, anthu a kumpoto kwenikweni kwa dziko, kumadzi oundana. Timafufuzamo mankhwala ophera tizilombo, aja osawola. Mphepo imawanyamula mpaka kumeneko. Amalowa m'nsomba, m'namgumi, kenako mwa mayi. Anthu osalima thonje, osapopera kanthu! Ndinkawamvera chisoni, koma chisoni cha patali.

Takondwa atabadwa ndinachita zopusa. Ndinati ine wa ku Balaka mkaka wanga ndi woyera, ndiuike m'makina ndiyerekeze ndi wawo. Abale, mankhwala omwewo anali mwa ine. Ndinakumbuka bambo anga akupopera thonje, chigubu cha mankhwalawo amayi n'kuchitsuka, n'kumasungiramo mchere.

Tsiku lomwelo ndinamuchotsa mwana kubere. Wa miyezi itatu! Botolo analikana. Analikana ndithu. Ankafunafuna pachifuwa panga akulira, ine n'kutembenuka. Mkaka ndinkaukamira musinki. Bambo ake anali kuntchito ku mgodi, sindinawauze. Kupemphera ndinasiya, ndinkaona ngati Mulungu wandipatsa mwana ndi poizoni pamodzi. Mwana anaonda mpaka tinagonekedwa kuchipatala ku Midland.

Tili komweko, mzamba wachiinuiti amene amatitumizira mkaka woti tipime anandiimbira pa vidiyo, atamva kwa mkulu wa labu yathu. Mayi wachikulire ndithu. Anandisiya ndilire, kenako anati: "Wanga unali woipa kuposa wako, koma ndayamwitsa ana anayi. Amene anawononga mkakawu si iwe. Usamumane mwana zabwino zimene zatsalamo." Adokotala ananenanso chimodzimodzi.

Masana omwewo ndinamuika kubere. Anayamwa ngati wakwiya nane.

Sindinama pamaso pa Mulungu, mankhwalawo sanachoke. Ali mwa ine, ali mwa Takondwa, ali mwa ana a mayi uja. Lolemba ndibwerera ku labu kukapima mkaka wa amayi ena, ndipo ndikudziwa zimene ndikapeze. Koma mwana wanga akuyamwa, ine ndayambanso kupemphera. Ndikuthokoza Ambuye pa zimenezo.

Mukamapempherera Takondwa, muziwatchulanso ana a kumadzi oundana aja. Ameni.