Khomo Lalifupi la Chipinda cha Magalasi

Sumer Singh anali munthu wosabweza mawu, koma tsoka lake mawuwo anali awiri: kwa agogo ake analumbira kuti sadzaweramira mafumu a linga lina la paphiri, ndipo kwa mkazi wake Kesar analonjeza tsiku la ukwati kuti adzamulowetsa m'chipinda cha magalasi cha m'linga lomwelo. Maso a Kesar atayamba kuchita ng'ala, awiriwo anakwera basi kuchoka kumudzi kwawo kufupi ndi Nagaur, n'kukapeza kuti khomo la chipindacho limalekeza pachifuwa pa Sumer, osanena za nduwira yake yaikulu ngati dzungu.

"Lowanitu, bambo a Guddi," anatero Kesar ali kumbuyo, monga amayendera akazi akwawo.

"Ndikuganiza kaye."

"Kodi khomo amaliganizira? Amangolowa."

"Iwe make Guddi, msamphawu sukuuona? Analifupikitsa dala kuti aliyense wolowa aweramire mfumu. Agogo anga anakana kuwerama muno mpaka anawalanda ngamila zonse!"

"Ndiye anabwerera wapansi?"

"Wapansi, koma ataimika khosi."

"Mfumuyo ili m'katimo?"

"Inafa kalekale."

"Aa, ndiye siona."

"Nkhani si yoona ayi!"

"Nanga ngati siona, simva, inu mukukangana ndi ndani?"

Sumer anapota ndevu zake zapamlomo.

"Chabwino, vulani nduwirayo, mufupikirako."

"Asa! Ndivule nduwira pagulu? Kwathu kwagwa maliro?"

"Ayi, tasiya onse ali bwino. Kupatula mbuzi yotsokomola ija."

"Sindikufunsa za mbuzi!"

"Ndiye lowani chafutambuyo, mutu uweramire kunja kuno."

Sumer anatembenuka kuti ayese. Maso ake anagwera pa mlonda wa lingalo, atatsamira khoma, wenzulo ali pakamwa.

"Ndiweramire mlonda? Komanso mdani ndimupatse msana ngati wothawa nkhondo?"

"Iii, kuli nkhondo?" Kesar anakokera nsalu kumaso n'kuyang'ana uku ndi uku. "Bwanji simunanene? Ndikanasiya zibangili zasilivazi kunyumba."

"Kulibe nkhondo, mkazi iwe!"

"Ndiye gonani chagada, mutsogoze miyendo. Ine ndikukankhani ngati thumba la mapira."

"Pamaso pa alendo awa ndi makamera awo? Mawa Nagaur yense andione ndili gada?"

"Ndikuphimbani kumaso."

Mlonda analiza wenzulo n'kuloza dzuwa, kusonyeza kuti nthawi yotseka yayandikira. Alendo anayamba kutsika, atanyamula zidole zazingwe ndi nsalu zomwe anagula pachipata. Kesar anapapasa mwala wa pamwamba pa khomo, kenako anadziyeza pamphumi.

"Khomo la kwa amayi anu ndi lalifupi kuposa ili. Ine chikwatiwire ndimawerama m'mawa ndi madzulo. Ndiye ndimaweramira mfumu iti?"

"Zimenezo ndi zina."

"Msana ndi womwewu." Anadzisisita m'maso. "Adokotala aja anati chaka chamawa mwina ngakhale nkhope ya mwana wathu Guddi ndizidzaiona ndi manja. Koma palibe kanthu, tiyeni. Mudzandifotokozere inuyo mmene mulili m'katimo."

"Ndidzafotokoza bwanji ndisanalowemo?"

"Ndi zomwe ndimadabwa nanenso."

Mawuwo anamulasa Sumer pamtima, ndipo munthu wamakani akalasidwa salira, amakalipa.

"Ndiye lowa wekha! Tsogola, tione!"

Ananena podziwa kuti chikwatiranire Kesar sanamutsogolerepo pakhomo lililonse. Koma Kesar akauzidwa chinthu amachita chomwecho. Anasonkhanitsa siketi, n'kuwerama, n'kulowa.

"Ha! Walowadi?"

"Mwanena ndinu," mawu anachokera m'kati. "Koma muli mdima."

"Magalasi sukuwaona?"

"Ndikuona mdima wonyezimira pang'ono."

"Amati uyatse machesi, ndiye amaoneka."

"Machesi ali m'thumba mwanu, pamodzi ndi fodya munasiya kusuta uja."

Sumer anatsokomola, natulutsa bokosi, n'kulowetsa mkono pakhomo, thupi lili chilili ngati mtengo wa mbendera.

"Landira."

"Dzanjalo lili kuti?"

"Apa!"

"Apa pake pati? Tadikirani ndibwere... Mayo ine!"

Zibangili zinalira pansi. Sumer sanaganize za agogo, za ngamila, kapena za Nagaur. Anangopezeka ali m'kati, atamugwira mkazi wake pamkono.

"Wavulala?"

"Ayi, pali kasitepe. Yatsani."

Sumer anakhwatcha machesi. Kamoto kamodziko kanabalalika m'makoma ndi kudenga, timagalasi tosawerengeka tikupatsirana kuwala mpaka chipinda chonse chinayaka. Kesar anakankhira nsalu kumbuyo, kukamwa kuli yasa, misozi ikutsika. Sumer anamuyang'ana mpaka moto unamuotcha chala, ndipo mtima wake unakondwa kwambiri. Mdima utabwerera, nzeru nazo zinabwerera.

"Make Guddi. Ine ndalowa bwanji muno?"

"Pakhomo."

"Ndinawerama?"

"Ndinamva maondo akulira."

"Kalanga ine, agogo anga!"

"Musadandaule, mfumu mulibe. Ndayang'ana m'magalasi monse. Munali ine ndekha."

"Ndiye ndaweramira... iweyo?"

"Ineyo, ndi ine wa kukhoma uko, ndi ine wa kudenga. Tinalipo ambiri."

Sumer anayatsa machesi ena akung'ung'udza. Panja wenzulo analiranso.

"Chabwino, lonjezo ndakwaniritsa. Wakhutira? Tiye tizipita."

"Magalasi ndawaona, zikomo, bambo a Guddi," anatero Kesar akupukuta misozi. "Koma kuwerama kwanu kuja, ndi maso angawa, sindinakuone bwino. Tatulukani mulowenso."