Tebulo la Lachinayi la Aphunzitsi Tsukamoto

Bambo Hirabayashi, mkulu wa nthambi yathu ya ziyankhulo, aphunzitsi anzanga, Bambo Tsukamoto pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, ophunzira athu, amene munachoka kale ndi amene tikadali nanu, ndi inu eni tsikuli, Aphunzitsi Tsukamoto Ikuyo: landirani moni wanga.

Kwa amene simundidziwa, ndine Nagasawa. Ndimaphunzitsa mabuku akale a Chisipanishi. Atandiuza kuti woyankhula lero ndine, ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli Nagasawa wina. Panthambi pano palibe munthu wosowa mawu ngati ine. Koma anandisankha ndi eni ake, ndipo amene munayesapo kuwakanira mukudziwa mmene zimathera. Nkhani yanga ndi ya tebulo limodzi, ndi funso lakuti kodi tebulolo likhalapo iwo akachoka.

Ndinabwera kuno tsitsi likadalipo. Sabata yoyamba ndinamva phokoso m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Anthu akukuwa, wina akumenya tebulo. Ndinati kwabuka ndewu. Nditasuzumira ndinapeza ophunzira atazungulira tebulo, chakudya chitatha kalekale, makoko a manachesi ali mbwee, onse akuyankhulira pamodzi m'Chisipanishi. Pakati pawo panali mayi wamfupi, akuloza mtsikana wina ndi supuni.

"Iwe Chizuru, ukudikira ndani? Mudule ameneyo, wayankhula mokwanira!"

Atandiona anati, "Ndinu atsopano aja? Mwadya?"

Ndinati ndadya, choimirira, pasiteshoni ya sitima.

"Kumeneko si kudya, a Nagasawa. Kumeneko ndi kuthira mafuta m'galimoto. Khalani pansi."

Limenelo ndilo tebulo la Lachinayi. Eni chiyankhulo amati sobremesa: mukatha kudya simudzuka, mumakhala pompo n'kumacheza mpaka tiyi kuzizira. Malamulo a Aphunzitsi ndi awiri. Osayang'ana wotchi. Osadikira mnzako amalize. Kwa ife amene tinaleredwa kuti wina akamayankhula uzingogwedeza mutu, zinali ngati kutiuza kuti tilowe m'nyumba ya eni nsapato zili kuphazi.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa. Mayi awo a Aphunzitsi ankaphunzitsa mwambo wa tiyi, wopereka ndi kumwa tiyi mwaulemu, mwakachetechete. Anakulira m'nyumba imene ngakhale mphaka ankayenda monyang'ama. Nanga phokosoli analitenga kuti? Kuwafunsa ndinkaopa. Posachedwapa ndinafunsa amuna awo, Bambo Tsukamoto. Bambo, pepani, ndikuululani.

Akuti ali mtsikana anapita kukaphunzira ku Spain, ndipo ankakhala m'nyumba ya mayi wina wamasiye, Mayi Encarna. Chisipanishi cha m'mabuku chinali chodzaza mutu. Patebulo ankadikira kuti anzawo amalize, nawo ayankhuleko. Mpata wake sunabwere. Akatha kudya ankathokoza, kuwerama, kutsuka mbale yawo, n'kupita kuchipinda kuti asasokoneze banja la eni. Mumtima ankati akuchita ulemu. Tsiku lina anapeza Mayi Encarna akulira kukhitchini.

"Mwana iwe, tinakulakwira chiyani? Chikukunyansa ndi chakudya changa, kapena ndife?"

Mawa lake, atangoti adzuke, mayiyo anawakoka juzi n'kuwakhazika pansi. "Pano suchoka mpaka unditsutse."

Anaganiza, anaganiza. Kenako ananena chapansipansi kuti mpunga wa kumeneko umachuluka mafuta. Akuti nyumba inagwedezeka! Amalume a m'banjamo kukuwa, ana kukuwa, iwonso n'kupezeka akukuwa. Pomaliza mayi aja anawapsompsona masaya onse awiri.

Ndinafunsa Bambo Tsukamoto ngati ndi kunyumba komwe amatero. Anandiyang'ana mwachifundo. "A Nagasawa, ine mawu anga ndinawamalizapo komaliza tsiku la ukwati wathu."

Mukuseka, koma taonani uko. Chizuru uja ali apo. Lero amamasulira kuchipatala, kuthandiza mabanja ochokera ku Peru amene amagwira ntchito m'mafakitale. Dokotala akamathamanga ndi mawu, wodwala akungovomera zimene sanamve, Chizuru amamudula dokotalayo. Ndani wa ife akanayerekeza? Galamala aliyense pano angaphunzitse. Koma kuti mwana wathu akafika ku Mexico kapena ku Spain asakadye yekha pakati pa anthu, chimenecho anatiphunzitsa ndinu, Aphunzitsi. Zikomo. Pa zaka zonsezi, zikomo kwambiri.

Tsopano za tebulo. Mwezi watha kunali msonkhano wa aphunzitsi. Misonkhano yathu mukuidziwa: nkhani imakhala itatha kale m'makonde, ife timangobwera kudzagwedeza mitu. Bambo Hirabayashi anayamba kuwerenga kuti poti ophunzira akuchepa, ndipo mwini tebulo akupuma, kachipinda kaja kakhala kosungiramo makompyuta akale. Ndinati basi, Aphunzitsi aphulika. Ndinawayang'ana. Anali phee, akusenda nachesi, maso ali pa ine. Chibadwire sindinawaone ali chete. Ndinachita mantha kuposa tsiku loyamba lija.

Bambo Hirabayashi ali pakati pa mawu, ndinamva munthu akumenya tebulo n'kunena kuti, "Ayi!"

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wopanda mwamboyo. Dzanja limene linkawawa linali langa.

"Pitirizani, a Nagasawa," anatero Bambo Hirabayashi.

Ndinayamba kubwebweta. Mwamwayi a Okudaira ophunzitsa Chipwitikizi anandidula, akuti makompyutawo ngakhale akuba sangawatole. A Chifalansa anadula a Okudaira. Posakhalitsa tonse tinali kuyankhulira pamodzi, anthu amene takhala tikuweramirana m'makonde zaka makumi. Nthawi yotsekera inadutsa, palibe anayang'ana wotchi. Aphunzitsi anangogawa nachesi lija, aliyense kachidutswa.

Bambo Hirabayashi, pepani chifukwa chokudulani. Ndikuthokozanso poti munatipatsa chaka chimodzi. Munati ophunzira akamabwera, kachipindako n'kathu. Akasiya, makompyuta alowa. N'zomveka. Koma munawonjezera kuti tebulolo aliyendetse ndi amene anamenya tebulo.

Kunena zoona, sindikudziwa ngati ndingathe. Ndinapita kwa Aphunzitsi kukawauza kuti pondiyang'ana tsiku lija analakwitsa munthu.

"Mwayamba liti kundiuza kuti ndalakwitsa?" anatero. "Mwaona, mukuchira."

Ndinati ine sinditha kuyambitsa phokoso.

"Phokoso ana ali nalo lawo. Inu zaka zonsezi mumakhala pakona paja ngati ambulera yoiwalika, koma mwana akakhala chete, woyamba kumuona ndinu. Mumamusunthira mbale ya manachesi, mumaganiza kuti sindiona? Encarna sanandiphunzitse kukuwa. Anangoona kuti ndikudzuka, n'kundikoka juzi."

Ndakhala ndikuwaganizira mawu amenewa. Kaya ndi oona, kaya amangofuna kuti ndichoke mu ofesi mwawo amalize kulongedza, sindikudziwa. Tidzaona Lachinayi loyamba la Epulo, chaka cha maphunziro chikayamba. Ophunzira, ine ndidzakhalapo, manachesi adzakhalapo. Amene adzadzuke msanga asamale juzi yake.

Aphunzitsi, kapumuleni. Mwagwira ntchito, mwatopa, ngakhale simungavomere. Kadzaleni tomato wanu uja. Mudye mosathamanga, tiyi azizire. Muwalole Bambo Tsukamoto amalizeko mawu amodzi pa sabata; nafenso tikufuna kudziwa zimene akhala akufuna kunena. Ndipo Lachinayi likakusowetsani mtendere, chitseko mukuchidziwa. Simugogoda inu.

Tsono mwambo wathu ndi wakuti mudikire ndimalize, ndiwerame, kenako muwombe m'manja mwaulemu. Lero ayi. Munthu amene tikutsanzikana nayeyu sitingamulemekeze podikira. Ine ndikupitiriza kuyankhula, ndili ndi masamba ena m'thumbamu, ofotokoza mbiri ya nthambi yathu kuyambira pamene inakhazikitsidwa. Inu muone chochita. Ndikuyamba. M'chaka chimene nthambi ino...

Eya, Chizuru! Choncho! Nonse, ndiduleni! Wombani, wombani m'manja, awamve ndi Mayi Encarna komwe ali!