Chaka Chimene Ndinavala Ndevu za Kayafa

Abale anga mwa Ambuye, moni nonse, ngakhale inu ogona pa ulaliki. Ndine Gelevazio, nkhalamba ya ku Golomoti. Ndikuchitira umboni za tsiku limene nyumba yanga inatsala pang'ono kutenthedwa chifukwa cha ndevu za khonje.

Kutchalitchi kwathu timachita sewero la masautso a Yesu pa Lachisanu Loyera. Chaka china, matipate atangoyamba, anandisankha kukhala Kayafa, mkulu wa ansembe a Ayuda. Sukulu ndinalekezera panjira, koma pakamwa Mulungu sanandimane. Ndinakuwa kuti “Apachikidwe!” mpaka amayi ena analira mokweza.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka “Myuda uja”. Poyamba ndinkaseka nawo. Kenako anthu anasiya kundipatsa dzanja la mtendere. Pachitsime, mkazi wanga akafika, anzake ankasuntha zidebe. Palibe ankatukwana poyera. Pa benchi ankangoti mwaulemu, “Pepani a Gelevazio, malo adzaza.” Myuda weniweni panalibe anamuonapo, koma aliyense ankati ndi anthu otembereredwa.

Ndiye mwana wa pakhomo loyandikana nafe anamwalira ndi malungo. Titabwera kumanda masana, ndinaona gulu likulunjika kwathu likukuwa kuti Myuda ndiye wabweretsa tsoka, ena ndi miyala, wina ndi chikuni chamoto. Denga langa ndi la udzu. Mkazi wanga anali chigonere m'nyumba, mwendo utatupa, kuthawa sakanatha. Ndinagwada pakhomo. Mapemphero onse amene ndinaloweza anabalalika, ndinangotsala ndi “Ambuye, onani.”

Amene anang'amba gululo anali a Fulajensio, msodzi wokonda kachasu, yemwe tinamupachika pa sewero lija poti ndiye anali wopepuka pamtanda. Anaima pambali panga, akununkha usipa.

“Mukufuna Myuda? Yambani ndi ine,” anatero. “Amene ndinasewera ine uja anali wa mtundu wanji? Nanga amayi ake, amene mumawatchula pa kolona m'mawa uliwonse?”

Mwala umodzi unagwa pansi, kenako wina. Wa chikuni uja anachikwirira mumchenga, maso ali kumbali.

Patapita masabata, aphunzitsi a mpingo anationetsa kanema wakale wopanda mitundu, wopangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, woonetsa azungu akuwamana Ayuda ntchito ndi malo uku akumwetulira. Chingerezi sindinamve, koma kumwetulirako ndinakudziwa. Manyazi anandigwiranso, pakuti ndine ndemwe ndinamuveka Kayafa nkhope yoipa kuti anthu adane ndi mtundu wake wonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma chidakwa pamene ena oimba kwaya anali atatola miyala. Inu amene anthu akukusalani, musaleke kugwada, thandizo limatha kubwera likudzandira. Ndevu zija ndinazitentha ndekha. Sewero tikuchitabe, koma ine ndinapempha kukhala tambala, uja amalira munthu akakana mnzake.