Pulinta ya ku Parishi

Pa siteji ya Linthipe, a Zikhalo, kalaliki wa parishi, ankadikira basi ya ku Lilongwe atafukata pulinta ngati mwana wodwala. Pambali pawo panaima bambo wina wa jekete lonunkha utuchi.

"Yatani pulintayo, achimwene?"

"Iyi ilibe mlandu. Bambo mfumu watsopano anatiikira Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta, akuti ndi waulere, aliyense akhoza kumusintha mmene akufunira. Chiikireni, pulinta yangoti duu, ndiye ndikupita nayo ku Lilongwe akaione. Mwana wanga akukwatiwa Loweruka, koma makadi oitanira anthu sanatuluke!"

"Musamunyoze Linux ine ndili pano. Kuofesi kwathu tili naye chaka chachiwiri chino. Sadwala mavairasi, sazima chisawawa. Ife tinavotera ufulu, nayonso kompyuta ipumeko."

"Ufulu wake uti? Kuti ndilembe kalata, ndiyambe ndaloweza malamulo ngati katekisimu?"

"Ulesi basi! Tiyeni tibwerere, ndikakuthandizeni. Pofika mawa makadi onse akhala atatheka."

Nkhope ya a Zikhalo inawala, ndipo anadzuka msangamsanga.

"Zoona, bambo? Ndiye kuti yanu pulinta imasindikiza?"

"Yathu? Siinayambepo. Timaonera pa sikirini n'kumakopera pamanja. Mabolopeni muli nawo angati?"