Akumutchula Mwana wa Atelala

Kutatsala ola limodzi kuti akaonekere ku komiti yokweza anthu pantchito pa yunivesite, mayi wina wofufuza kakulidwe ka ubongo wa makanda anaima pakati pa ofesi yake atatambasula manja. Bambo ake, telala wopuma pantchito, ankamuyesa jekete yatsopano imene anamusokera, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa.

"Usagwedezeke. Kodi akuluakuluwo akakufunsa chiyani?"

"Akayang'ana mapepala amene ndalemba, bambo. Alipo 32."

"A lero lokha?"

"A zaka khumi ndi ziwiri."

Atelala anachotsa pini imodzi kukamwa n'kumuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, cholembera chako chimavuta?"

"Pepala limodzi limatha chaka chathunthu, mwina ziwiri!"

"Ndi lalikulu bwanji? Ngati chitseko?"

Mayiyo analoza ndi chibwano pepala limodzi limene linali patebulo. Atelala analitola, n'kuwerenga masamba ndi chala chonyowetsa.

"Asanu ndi atatu. Mmm. Za zakazo usakatchule. Akakakupanikiza ukangoti unkadwaladwala."

"Nkhani si kuchuluka kwa masamba, bambo. Chimene amafuna n'chakuti anthu amanditchula kangati. Pofika m'mawa uno anali atanditchula ka 412."

Mapini onse anagwera pansi.

"Ndani?"

"Anthu osiyanasiyana, a m'mayiko ambiri."

"Umawadziwa?"

"Ambiri sindinawaonepo n'komwe."

"Amakutchula iwe ulipo?"

"Ayi, amandilemba m'mapepala awo."

"Kalanga ine! Miseche yochita kulemba! Wawalakwira chiyani, mwanawe?"

"Si miseche! Ndi ulemu. A muofesi yoyandikana nayoyi, amene tikulimbirana udindowu, awatchula ka 900."

"Mayo, mwana wa eniake! Anaba chiyani?"

"Sanabe kanthu."

"Ndiye mtima pansi, wapambana kale. Zako n'zochepa."

"Zambirizo ndiye zabwino, bambo! Ine ndikufuna andinene kwambiri, kuposa iwowo!"

Atelala anamugwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja ngati akumva kutentha kwa thupi.

"Tambasula mkonowo. Onse 412 amakunenera zabwino?"

"Ambiri. Ena, mwina makumi awiri, amati ndinalakwitsa."

"Ehe! Zayamba kutuluka. Amenewo unawachotsamo pa chiwerengero?"

"Amawerengedwa ndithu."

"Munthu akukunyoza, iwe n'kumuwerengera kumbali yako?"

"Bola watchula dzina langa molondola."

"Ha! Mlamu wanga uja wa pakamwa akanadziwa zimenezi, bwenzi banja lonse tili mapulofesa."

Mayiyo anaseka, jekete n'kutsetsereka paphewa. Bambo ake anaikoka n'kulemba kamzere ndi choko.

"Komanso kasanu ndi kawiri ndinadzitchula ndekha," anatero mayiyo motsitsa mawu.

"Wati bwanji?"

"N'zololedwa. Ukalemba pepala latsopano umakumbutsa zimene unapeza kale."

"Ukudzijeda wekha? Anthu mazana anayi sakukukwanira?"

"Bambo, tamvetserani kaye..."

"Ayi, ndamva. Ndipita nawe ku komitiko. Ndikawauza kuti mwana uyu ndinamulera bwino, sanagonepo kupolisi, ndipo amene ali naye chifukwa abwere anene pamaso panga."

"Simupita! Mukandichotsetsa ntchito!"

"Ndipatse mayina awo. Ndiyamba ndi makumi awiri aja."

"Wina ali kutsidya kwa nyanja, wina anamwalira chaka chatha."

"Waona? Pakamwa sipasiya munthu bwino."

Mayiyo anatsitsa manja, pini n'kumubaya m'khwapa.

"Aa! Chabwino. Ndikufunseni za ntchito yanu. Telala wina atatengera kasokedwe kanu ka kolala, n'kumauza anthu kuti anatulukira yekha, mungamve bwanji?"

"Ameneyo ndi wakuba. Alipo wina anachitapo, mpaka lero sindimupatsa moni."

"Basi! Ifenso n'chimodzimodzi. Ukagwiritsa ntchito nzeru za mnzako, uyenera kumutchula. Ukapanda kutero, waba. Anthu 412 aja akuvomera kuti anatenga kanthu kwa ine."

Atelala analowetsa ulusi pa singano.

"Ndiye unene choncho poyamba pomwe. Anatenga chiyani?"

"Pepala langa lotchuka kwambiri limanena za makanda amene makolo amawayankhula pafupipafupi. Tinayeza mmene ubongo wawo umagwirira mawu miyezi ikamapita."

"Munawang'amba mitu?"

"Ayi! Timawaveka kachipewa kokhala ndi timawaya."

"Amasoka ndani tizipewato?"

"Timagula tosokasoka, bambo."

"Bambo ako ali moyo? Chabwino, pitiriza."

"Tinaona kuti khanda lomwe limayankhulidwa kwambiri limayamba msanga kusiyanitsa mawu, ngakhale lisanathe kuyankha."

Singano inaima m'malere.

"Zimenezo ndiye zinakutengera zaka ziwiri?"

"Zitatu."

"Iwe uli ndi miyezi inayi, amayi ako akapita kuntchito, unkagona m'katoni ya nsalu pambali pa makina anga. Tsiku lonse ankakuyankhula ndani? Ndinkakuuza kuti uyu ndi batani, iyi ndi zipi, kasitomala uyu mimba yakula koma akukana. Anthu ankati telala wapenga, akucheza ndi katoni."

"Simunandiuzepo zimenezi."

"Sunandifunse. Unapita kukafunsa makanda a eniake." Anadula ulusi ndi mano. "Tsono tiye nalo lamulo lako lija. Nzeruyi anayamba ndani?"

"Bambo, sizimayenda choncho..."

"Ubongo umene unalembera mapepalawa anaukulitsa ndani? M'mapepala 32 onsewa, ndilimo kangati?"

Mayiyo anayang'ana kudenga.

"Mulibemo."

"Ngakhale kamodzi? Iwe wekha kasanu ndi kawiri, ine ziii?"

"Nthawi yatha, bambo. Mabataniwa ali bwino?"

"Mabatani ali bwino. Wakuba ndiye wavala bwino kwambiri. Pita."

Anapita akuseka, maso ali ndi timisozi. Atabwerako patapita ola ndi theka, anapeza bambo ake atakwera pampando, akupinda katani ya pawindo imene inkakhudza pansi.

"Bambo! Andikweza!"

"Anaiona jekete?"

"Wapampando wa komiti anafunsa kumene ndinasoketsa."

"Ehe. Ndiye mapepala aja anangothandizira."

"Ndipo ndaganiza. M'pepala lotsatira ndikutchulani. Dzina lanu lonse, patsamba loyamba, anthu a m'mayiko onse aliwerenge."

Atelala anatsika pampando mofulumira, nkhope itasintha.

"Onse 412?"

"Mwinanso kuposa."

"Ndi makumi awiri a pakamwa aja?"

"Iwonso."

"Ayi, ayi, ayi! Ine ndakalamba ndi mbiri yabwino, usandiike m'kamwa mwa anthu osawadziwa. Tchula amayi ako, iwo amadziwa kubweza."