Maso Okha Ndiwo Anatseka

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma lero mawu anga atuluka otentha.

Ambiri mukundidziwa. Ndinali mphunzitsi kuno ku Domasi mpaka shuga atanditseka maso. Maso okha, abale! Koma achibale anandiyesa maliro oyenda. Kukacha ankandikhazika pakhonde ngati thumba la mpunga. Mlendo akabwera ankafunsa mayi akunyumba kuti, "Kodi abambowa amamwa tiyi?" Ine ndili pompo! Ena, ndipo muli muno, mawu anu ndimawadziwa, munkanong'ona kuti ndi tchimo. Tchimo lanji? Munaliona?

M'nyumba yomanga ndekha, aliyense ankasuntha mipando mmene wafunira. Tsiku lina mlamu wanga anasiya mbaula yamoto pakhomo. Ndinaiponda. Iye akuti, "Nanga mumayenderanji? Osangokhala bwanji?" Phazi linapsa, koma mtima ndiwo unapsa koposa. Kupemphera ndinasiya.

Ndiye Mulungu anatuma mayi wina wophunzitsa zaluso, amene tinkaimba naye kwaya. Sanabwere ndi "pepani" ayi. Anabwera ndi dongo lakumtsinje, n'kundipatsa m'manja.

"Aphunzitsi, limenyeni."

"Mukundiyesa mwana?"

"Limenyeni basi."

Ndinalimenya, abale, ndinalimenya mpaka misozi mbwee! Masabata akupita, manja anayamba kuumba. Mbalame, timiphika, kenako nkhope ya mkazi wanga, imene ndinkaopa kuti ndaiiwala.

Pambuyo pake ndinaumba kanyumba, n'kuwaonetsa mayi azaluso aja: mipando kukhoma, tebulo apa, njira pakati. Tinakonza nyumba yeniyeni momwemo. Tinakhoma nsungwi m'khoma kuchokera kuchipinda mpaka pakhomo, yoti ndizitsatira ndi dzanja. Phazi likaponda mphasa ndimadziwa kuti ndafika pabalaza. Chingwe chimandifikitsa kubafa popanda wondigwira mkono. Mlamu uja atabwera n'kukoka mpando, ndinati, "Alamu, bwezerani pomwe mwaupeza. Muno muli mwini wake." Anabwezera.

Mkwiyo sunathe, ndisaname ndili kutsogolo kuno. Mabenchi a m'tchalitchi muno mumawasuntha sabata ndi sabata, miyendo yangayi ndi mboni. Akulu a mpingo, mwamvatu.

Koma Mulungu wandiimiritsa, ndayambanso kupemphera, ndipo ndikumuthokoza. Kondwerani nane! Musangokweza manja, sindikuwaona. Amayi, nthungululu! Abambo, m'manja! Ndimve ndi makutu angawa!